Gitala yosasa mawu: zimene zili kuseri kwa nyimbo za rock

Mukakhala pa benchi la ometa tsitsi ku Luchenza Loweruka masana, simuchedwa kumva anyamata akupatsirana nyimbo pa foni. Zambiri zimakhala amapiano, dancehall, zauzimu ndi za oimba athu a m'tauni. Koma mwa apo ndi apo pamapezeka wina amene mu memori khadi yake muli Queen, AC/DC kapena Nirvana, ndipo akangoyatsa, yankho limabwera lomwelo: "Achimwene, tazimitsani, limenelo ndi phokoso." Ine ndili mbali ya mnyamata wa memori khadiyo. Phokoso lilipodi, koma si lachisawawa. Kusasa kwa gitala kuja ndi kugunda kwa ng'oma kuja kunachita kupangidwa ndi anthu odziwika mayina, ambiri a iwo akuda osauka a kummwera kwa America ndi ana a anthu ogwira ntchito m'mafakitale a ku England. Ndipo khutu limene linakulira pa banjo ya Allan Namoko kuno ku Thyolo lili nazo kale zonse zofunika kuti lizimve nyimbozi.

Gitala wamba ya bokosi imalira chifukwa nsambo ikanjenjemera imagwedeza thabwa la pamwamba, ndipo mphako ya bokosilo imakuza mawuwo. Mphamvu yake imathera pomwepo. Pakhonde pali anthu khumi imamveka bwino, koma m'bala modzaza anthu imamira. Muddy Waters, woimba wakuda wa ku America, anakumana ndi vuto limeneli atachoka m'minda ya thonje ya ku Mississippi, kumene ankagwira ntchito pa esiteti ya mzungu, n'kupita ku Chicago mu 1943. Nyimbo za blues zinali zomwezo ankaimba kumudzi, koma m'malo omwera mowa a mumzinda panalibe womumva mpaka anagwira gitala yamagetsi.

Gitala yamagetsi sidalira bokosi. Pansi pa nsambo pali kachipangizo kotchedwa pickup, komwe ndi maginito okulungidwa ndi kawaya kopyapyala ka kopa maulendo masauzande angapo. Nsambo ndi zachitsulo, choncho zikanjenjemera pamwamba pa maginitowo zimadzutsa timagetsi tochepa m'kawayako, tonjenjemera mofanana ndi nsamboyo. Timagetsito timapita ku ampulifaya, yomwe imatikulitsa n'kutitumiza ku sipika. Leo Fender wa ku California, amene anatulutsa Telecaster kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ndi Stratocaster mu 1954, sanali woimba gitala. Anali wokonza mawailesi, ndipo anaganiza ngati mmisiri: thupi la thabwa lathunthu lopanda mphako, khosi lomanga ndi masikuluwu kuti likawonongeka mungomasula n'kuikapo lina. Kampani ya Gibson inayankha ndi Les Paul mu 1952. Nyimbo zambiri za rock zimene mumakonda zinaimbidwa pa imodzi mwa magitala atatu amenewa.

Abale athu opemphera amene amati rock ndi ya Satana ndikanakonda akanamudziwa Sister Rosetta Tharpe, mayi wobadwira ku Arkansas mu 1915. Anakulira mu mpingo wa Church of God in Christ, ankaimba nyimbo zotamanda Mulungu, ndipo anali mmodzi mwa oyamba kuiliza gitala yamagetsi mwaukali. Little Richard ndi Elvis Presley anakula akumvetsera mayi ameneyu.

Nanga kusasako kumachokera kuti? Ampulifaya iliyonse ili ndi malire. Mukaikankha kupyola mphamvu yake, imalephera kukulitsa mafunde a mawu onse bwinobwino, ndiye imawadula nsonga pamwamba ndi pansi. Funde lodulidwa limabala timawu tina tambirimbiri pamwamba pa liwu loyambalo, ndipo khutu limamva kusasa. Oimba amakutcha distortion. Aliyense amene anakhalapo pa ukwati pomwe mwini zokuzira mawu wakweza mopyola muyeso akukudziwa. Amisiri a magetsi ankakuona ngati chilema choyenera kuchotsedwa, koma oimba anapezamo zinthu ziwiri. Choyamba, ampulifaya zakale za mavalavu zinkadula nsongazo mofewa, pang'onopang'ono, kotero kusasako kunali kokoma, kosabaya m'makutu. Chachiwiri n'chachikulu kwambiri. Nsambo ya gitala ukaikhudza imalira mwamphamvu poyamba kenako n'kuzirala msanga. Koma ampulifaya ikamadula gawo lokwera ndi kukweza gawo lotsika, liwulo limakhalitsa. Woimba angathe kuligwira, kulikoka, kulipinda pokankha nsambo ndi chala, monga amachitira munthu ndi mmero wake. Apa m'pamene gitala inasiya kukhala chida choperekeza woimba n'kuyamba kuimba yokha.

Zinayamba ngati ngozi. Mu 1951 gulu la Ike Turner linafika ku situdiyo ya Sam Phillips ku Memphis ampulifaya ya woimba gitala wawo, Willie Kizart, itawonongeka panjira. Anaitsekera ndi mapepala kuti sipika isagwe, inalira mosasa, ndipo Phillips anati ijambulidwe choncho. Nyimboyo ndi "Rocket 88", imene ambiri amaiwerengera pakati pa nyimbo zoyamba za rock and roll. Pofika 1964 anthu anali kuwononga dala. Dave Davies wa The Kinks, ali ndi zaka 17, anatenga lezala n'kucheka sipika ya ampulifaya yake yaing'ono, ndipo mawu ong'ambika a "You Really Got Me" anatuluka mmenemo. Chaka chotsatira Keith Richards wa The Rolling Stones anagwiritsa ntchito kabokosi koponda ndi phazi kotchedwa Fuzz-Tone pa "Satisfaction". Iye ankafuna kuti mbali imeneyo idzaimbidwe ndi malipenga, gitalayo inali yongosonyeza njira, koma nyimbo inatuluka momwemo ndipo timabokosito tinatha m'masitolo.

Distortion ili ndi vuto lake, ndipo vutolo ndi limene linaumba kaimbidwe ka rock. Popeza liwu lililonse limabala timawu tambiri, mukagwira mawu atatu kapena anayi osiyana nthawi imodzi timawuto timasakanikirana n'kukhala matope. Amene anaimbako kwaya akudziwa kuti chord wamba ndi doh, me ndi soh. Oimba rock anachotsa me, n'kusiya doh ndi soh basi, chifukwa awiriwa amagwirizana kwambiri ndipo ngakhale atasasa bwanji amamveka oyera. Koma me uja ndi amene amauza khutu ngati nyimbo ndi yachimwemwe kapena yachisoni. Akachoka, chotsala ndi mphamvu yokha, yosaseka, yosalira. Chimenechi amachitcha power chord, ndipo chimagwiridwa ndi zala ziwiri zimene zimangotsetsereka pakhosi la gitala. N'chifukwa chake mwana wophunzira gitala amayamba kuimba rock msanga kuposa rumba ya ku Congo, imene imafuna zala zoyenda nsambo iliyonse payokha. Ndinenenso kuti sipika ya foni imadula mawu onse apansi, besi ndi ng'oma yaikulu, n'kungosiya kusasa kwa pamwamba. Woweruza rock pa sipika yotere wamva theka lokha la nyimbo, lomwenso ndi theka loipa.

Munthu amene anapereka kulemera kwenikweni kwa nyimbozi anachita zimenezi chifukwa cha chilema. Tony Iommi wa ku Birmingham anali ndi zaka 17 pamene makina a m'fakitale ya malata anamudula nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja. Iye ndi wamanzere, choncho limenelo ndi dzanja lokanikizira nsambo. Anasungunula botolo la pulasitiki n'kuumba tizisoti tovala pa zala zodukazo, n'kumatapo chikopa kuti zisamaterere. Nsambo za gitala za nthawi imeneyo zinali zokhuthala, zinkamupweteka, ndiye anaikamo nsambo za banjo zomwe ndi zopyapyala. Pambuyo pake anayamba kukhwefula nsambo zonse kuti zifewe, ndipo nsambo yokhwefuka imalira pansi, mwamdima. Chimbale choyamba cha gulu lake, Black Sabbath, chinatuluka pa 13 February 1970, ndipo ambiri amati heavy metal, mtundu wa rock wolemera kwambiri, inayambira pamenepo. Anthu ambiri amadziwa Ozzy Osbourne, woimba wa gululo amene anamwalira mu July 2025, koma kamvekedwe ka Black Sabbath kanachokera m'zala za Iommi. Izi zimachitika kawirikawiri tikamakambirana nyimbo zimene timakonda: timatchula wogwira maikolofoni, pamene nyimbo yeniyeni ili m'manja mwa wina amene waima pambali.

Chimene Iommi, Richards ndi anzawo ankapanga chimatchedwa riff. Ndi kachidutswa kafupi ka mawu a gitala kobwerezedwabwerezedwa, ndipo nyimbo yonse imamangidwa pamwamba pake. Yotchuka kwambiri ndi ya "Smoke on the Water" ya Deep Purple, imene Ritchie Blackmore ankaimba pokoka nsambo ziwiri pamodzi. Nyimboyo imasimba zoona. Gululo linapita ku Montreux ku Switzerland kukajambula chimbale m'nyumba ya juga ya kumeneko, koma pa 4 December 1971, Frank Zappa akuimba m'nyumbamo, munthu wina anawombera mfuti ya moto kudenga ndipo nyumba yonse inapsa, utsi n'kuyala panyanja ya Geneva.

Tsopano kumbukirani Namoko. Bambo wosaona uja wa kuno ku Thyolo, ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe mpaka anamwalira mu 1995. Mvetserani banjo yake. Imagwira kachidutswa kamodzi n'kukazungulira kosalekeza, ng'oma zopanga pamudzi zikutsindika pansi, mawu ake okhakhala akuyenda pamwamba momasuka, nthawi zina akutsogola, nthawi zina akutsalira. Nsambo zake zimanjenjemera, siziyera ngati za m'situdiyo, ndipo kukoma kwake kuli pomwepo. Ameneyo ndi mamangidwe a riff. Palibe anaitcha nyimbo ya Namoko phokoso chifukwa chobwereza, ndipo magulu a banjo a m'midzi ya ku Thyolo ndi Mulanje, a zida za magaloni ndi waya za mabuleki a njinga, akhala akukonda mawu onjenjemera kuyambira kalekale. Sindikunena kuti rock inachokera kwa ife. Mizu ya blues ya ku Africa ili kwenikweni kumadzulo, kumene kunachokera akapolo ambiri opita ku America, ndipo banjo yeniyeniyo inabadwa kuchokera ku zida za kumeneko. Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria amene anayamba kujambula Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967, analemba buku lathunthu pa nkhani imeneyi, Africa and the Blues, mu 1999. Chimene ndikunena n'chakuti njira yomangira nyimbo pa kachidutswa kozungulira si yachilendo m'makutu mwathu.

Pamene rock imatisiya ndi pa ng'oma, ndipo apa odandaula ali ndi mfundo. Woimba ng'oma wa rock amawerenga zinayi: ng'oma yaikulu yoponda pa 1 ndi pa 3, kang'oma kolira mwakuthwa pa 2 ndi pa 4, mowongoka, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Magule athu ambiri sayenda chotero. Pa tchopa, gule wa Alhomwe amene UNESCO inamuzindikira mu 2014, ng'oma zingapo zimalukana, iliyonse ikudzaza mipata imene inzake yasiya, ndipo thupi limapeza malo ambiri olowera. Munthu wozolowera zimenezi akamva AC/DC amaona kuti ng'oma yauma, chiuno chilibe pogwira. N'zoona. Rock imakankha mutu ndi mapewa, osati chiuno. Komabe oimba ng'oma abwino amabisa moyo m'zinayi zomwezo pochedwetsa pang'ono kugunda kwa 2 ndi 4, ndipo amene amamva kusiyana kumeneku msanga ndi ife amene tinakulira pa ng'oma.

Jimi Hendrix anatenga zonsezi n'kupita nazo kumene kunali kusanafikeko munthu. Anabadwira ku Seattle mu 1942, anaimbira Little Richard ndi Isley Brothers ngati waganyu, ndipo anatchuka atapita ku London mu 1966. Anali wamanzere woimba Stratocaster ya amanja moitembenuza. Kulira kuja kumene kumachitika maikolofoni ikayandikira sipika, iye anakuweta: ankayandikiza gitala ku ampulifaya kuti mawu a sipika agwedeze nsambo, nsambo zibwezere ku sipika, n'kumawongolera kuzungulira kumeneko ndi kaimidwe ka thupi lake. Pa chikondwerero cha nyimbo cha Woodstock mu August 1969 anaimba nyimbo ya fuko la America pa gitala yokha, ikumveka ngati mabomba ndi kulira kwa anthu, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati. Anamwalira pa 18 September 1970 ali ndi zaka 27.

Za Queen anthu ambiri amadziwa kuti Freddie Mercury anabadwira ku Zanzibar mu 1946, dzina lake lenileni Farrokh Bulsara, ndipo banja lake linachokako mu 1964. Ochepa amadziwa kuti gitala ya Brian May si yogula. Anaisema yekha ndi bambo ake ali mnyamata, khosi lake kuchokera ku thabwa lakale la pa chumuni cha nyumba, ndipo amaiimba ndi kandalama kachitsulo m'malo mwa kapulasitiki kokhudzira nsambo. Kwa amene distortion ikuwavutabe, khomo labwino ndi Dire Straits. Mark Knopfler amakoka nsambo ndi zala zenizeni, ampulifaya ili yoyera, ndipo "Sultans of Swing" ya mu 1978 madala ambiri okonda country amailandira popanda mkangano.

Pali nkhani ina imene okonda rock sitiyenera kuibisa. Anyamata a ku England anaphunzira pa zimbale za anthu akuda a ku America, ndipo ena anavomereza poyera. The Rolling Stones, gulu lomwe linayamba mu 1962, linatenga dzina ku nyimbo ya Muddy Waters. Ena anatenga mwakachetechete. "Whole Lotta Love" ya Led Zeppelin ya mu 1969 ili ndi mawu ochokera m'nyimbo imene Willie Dixon analembera Muddy Waters, koma dzina la Dixon silinalembedwe mpaka iye atakasuma mu 1985 ndipo nkhaniyo inathera kunja kwa khoti. Ndimaikonda Led Zeppelin, koma kumeneko kunali kudya thukuta la mnzako.

Funso limene limandivuta kwambiri ndi lakuti bwanji Zambia inakhala ndi rock yakeyake koma ife ayi. M'zaka za m'ma 1970 kumeneko kunali Zamrock: WITCH ya Emmanuel "Jagari" Chanda, amene dzina lake lamasewera linachokera kwa Mick Jagger wa The Rolling Stones, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Amanaz, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, yemwe ankaimba m'Chinyanja chimene tonsefe timamva, pa gitala yosasa ngati ya Black Sabbath. Zifukwa zikuoneka. Migodi ya kopa inabweretsa malipiro, magetsi ndi maholo ovinira. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yodinda zimbale. Kenneth Kaunda, yemwenso ankaimba gitala, analamula kuti 95 pa 100 ya nyimbo za pa wailesi zikhale za m'dzikomo. Kwathu kuno malipiro a wothyola tiyi sakanagula ampulifaya, ndipo ngakhale akanagula, midzi inalibe poilumikiza. Wailesi inali imodzi, MBC. Lamulo lounika zisudzo, mabuku ndi nyimbo linabwera mu 1968, ndipo pofika 1973 boma la Dr Banda linali litaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi afupiafupi, amuna kusunga tsitsi lalitali. Ngakhale "Cecilia" ya Simon and Garfunkel, nyimbo yofatsa, inaletsedwa chifukwa cha dzina la Mama Cecilia Kadzamira. Mnyamata wa tsitsi lalitali ndi gitala yokuwa sakanapita patali. Zamrock nayo sinakhalitse: mtengo wa kopa unagwa, Edzi inatenga oimba ambiri, Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Koma zimbale zinatsala, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anamanga nyimbo yake "Noid" pa nyimbo ya Ngozi Family, moti achinyamata a ku Los Angeles akuimba Chinyanja.

Munthu akandifunsa nyimbo imodzi yoti ndimupatsire, ndimamupatsa "When the Levee Breaks". Anailemba ndi kuijambula Memphis Minnie ndi Kansas Joe McCoy mu 1929, kunena za madzi osefukira a mtsinje wa Mississippi a mu 1927, amene anaphwasula zipupa zotchinga mtsinje ndi kusamutsa anthu mazanamazana a masauzande, ambiri a iwo akuda olima m'minda ya eni. Led Zeppelin inaiimbanso mu 1971 ngati nyimbo yotseka chimbale chawo chachinayi, ndipo ulendo uno dzina la Memphis Minnie linalembedwa. Anajambulira m'nyumba yakale yotchedwa Headley Grange. Ng'oma za John Bonham anaziika pansi pa masitepe a nyumbayo, pamalo otalika denga, ndipo katswiri wojambula, Andy Johns, anapachika maikolofoni awiri m'mwamba, kutali ndi ng'omazo, kuti agwire mawu a chipinda chonse. Anawonjezera makina obwereza mawu, kenako n'kuchedwetsa tepi pang'ono, ndipo zonse zinatsika n'kulemera. Gitala sichoka pa chord imodzi kwa nthawi yaitali, imangozungulira, ndipo kachitoliro ka pakamwa ka Robert Plant kamalira ngati kali kutali.

Chidutsireni Namondwe Freddy mu March 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe n'kukwirira midzi, nyimbo imeneyi sindimvanso ngati ya kutali. Ng'oma za Bonham sizithamanga, zimabwera pang'onopang'ono ndi kulemera kwa chinthu chimene simungachiimitse, ndipo amene anamva phiri likugumuka usiku akudziwa kuti limamveka motero. Ifenso tili ndi nyimbo yathu ya madzi, Napolo ya a Paseli Brothers, yonena za chigumula cha ku Zomba cha mu 1946, yoimbidwa pa gitala yofatsa ya masiku amenewo. Ndikanakonda kumva gulu la ku Chitakale kapena ku Limbuli litaitenga nkhani ya Napolo ndi gitala yokhwefula nsambo, ampulifaya yokankhidwa mpaka kusasa, ndi ng'oma za tchopa pansi m'malo mwa zinayi zowongoka zija. Oimba ng'oma alipo kale m'midzi yonse ya m'mphepete mwa phiri, ndipo ampulifaya yaing'ono masiku ano imayaka ndi batire ya sola.